Kalata ya lenzi ija mukufuna kugula ku Johannesburg

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu kumeneko. Kuno ku Mzuzu kukuzizira, mvula yamawawa sikutipatsa mpata, koma maukwati sakuleka Loweruka lililonse. Mng'ono wanu akulimbikira kwambiri, tsopano ndimamusiya ajambule yekha ku holo ine ndikamamaliza za kutchalitchi.

Chithunzi cha lenzi mwanditumizira chija ndachiona, AF-P DX 70-300mm ya Nikon imene mukufuna kugulira mng'ono wanuyu. Chonde musaigule, ngakhale mwini shopu atsitsenso mtengo. Kamera ya mnyamatayu ndi D3200 ya 2012, pomwe ma lenzi a AF-P anabwera mu 2016. Idzalowa bwinobwino pakamwa pa kamera, idzati kwatsa, chifukwa zonsezo ndi za F-mount, mtundu umodzi wa polumikizira lenzi ndi kamera, koma sidzafokasa. Mudzati basi azifokasa pamanja, komatu apa ndi pamene pali vuto lenileni, chifukwa ngakhale pamanja sizidzatheka.

Ma lenzi akale, ring'i ya fokasi imalumikizana ndi magalasi am'kati, ukapotoza ndi zala magalasi amasuntha, kamera iyake kapena isayake. Pa AF-P ring'iyo sigwira galasi lililonse. Ukaipotoza imangotumiza uthenga, ndipo kamota kam'kati ndi kamene kamasuntha magalasi, kudalira magetsi ndi malangizo ochokera ku kamera. Kamera ikakhala yosadziwa kulankhula ndi kamotako, ring'i imangozungulira chabe. D3200, D3100, D5100, D7000 ndi D90 zili m'gulu limeneli, ndipo palibe firmware (pulogalamu ya m'kati yoyendetsa kamera) imene inatulutsidwa yoti izithandize. D3300, D5300 ndi D5500 zimatha, koma uyambe waika firmware yatsopano. D3400 ndi D5600 zinabwera zokonzeka kale.

Mwina mukudabwa kuti ndikulimbikiranji za kufokasa pamanja pomwe kamera imadzifokasira yokha. Mudzabwere pa perekaniperekani mudzaone. Mkwati ndi mkwatibwi aima kutsogolo, anthu akuvina akuponya ndalama, manja ali m'mwamba, wina wadutsa ndi lichero. Kamera imathamangira chimene chili pafupi, imagwira K1,000 ili m'malere, nkhope ya mkwatibwi n'kutuluka ya mbuu. M'tchalitchi namonso, makamaka kukachita mitambo ngati mmene kumachitira kuno, kuwala kumachepa ndipo lenzi imangopita uku ndi uku kusaka. Nthawi ngati imeneyo umadina batani lojambulira theka, kamera ikayandikira kufokasa iwe n'kumalizitsa ndi chala pa ring'i, osachotsa diso, osasintha switchi. Mphindi ya kuvekana mphete sibwerezedwa, ndipo banja limene lakulipira silingamve zoti makina anasokonezeka. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa zithunzi zimenezi anthu amazipachika pakhoma moyo wawo wonse.

Ndiye ngati mukufunadi kumuthandiza, funani yolembedwa AF-S, ndipo muyang'ane switchi ya pambali. Ikalembedwa M/A ndi M, imalola kulowerera pamanja kamera ili pa otofokasi. Ikalembedwa A ndi M basi, monga AF-S 18-55mm imene anagulira limodzi ndi kamera, ring'i siyenera kukakamizidwa ili pa A, umatha kuwononga magiya. AF-S 35mm f/1.8G DX ili ndi M/A, imaona bwino mumdima, ndipo yogwiritsidwapo kale sikhala yodula. Pa yojambulira patali, monga pa graduation ya ku Mzuni kumene sakulola kuyandikira, AF-S 70-300mm f/4.5-5.6G VR ndiye yabwino, ngakhale ndi yolemerako. Mupewenso zakale zolembedwa AF kapena AF-D, chifukwa zimadalira mota ya mu kamera, imene D3200 ilibe.

Anzathu a Canon nawo ali ndi zofananako. Ma lenzi olembedwa STM, monga 50mm f/1.8 STM ya 2015, safokasa pamanja kamera ikazima kapena ikagona, pomwe ambiri olembedwa USM umapotoza nthawi iliyonse.

Mwafunsanso za ma lenzi a Sigma ndi Tamron. Ndi zabwino, ine sindizinyoza, koma makampaniwa amapanga ma lenzi oti alankhule ndi kamera za eni ake, ndiye kamera yatsopano ikatuluka kapena firmware ikasintha, lenzi ina imayamba kuvuta mpaka nayonso ilandire firmware yake. Zinachitikapo D5300 itangotuluka mu 2013, Sigma inachita kukonza ma lenzi ake ena. Pochita zimenezi pamafunika kachipangizo kolumikizira lenzi ku kompyuta, Sigma amakatcha USB Dock, Tamron amakatcha TAP-in Console, ndipo si lenzi iliyonse imagwira nako. Kuno simungayembekeze kukapeza pa msika wa Taifa. Mukasankha imodzi mwa zimenezi, auzeni a shopu aiike firmware yaposachedwa musanaitumize.

Za kuika firmware mu kamera musade nkhawa, ndimachita ndekha. Fayilo ndimaitenga pa webusaiti ya Nikon yeniyeniyo, osati yotumizirana pa WhatsApp, n'kuiika pa khadi yofomatidwa mu kamera momwemo, kunja kwa mafoda onse. Batire ikhale yodzaza, chifukwa kamera ikazima ntchitoyo ili pakati imatha kufa, ndipo kuno wotsegula kamera zoterezi ndi wosowa. Ndi mmene magetsi amathimirathimira, ndimatchaja usiku n'kuchita m'mawa. Sindichitanso zimenezi Lachisanu ukwati uli mawa, ndimafuna masiku oyesa lenzi iliyonse payokhapayokha, popeza kubwerera ku firmware yakale nthawi zambiri sikutheka.

Musanalipire, jambulani zolembedwa zonse za pa lenziyo, kutsogolo ndi pambali pa switchi, munditumizire. Ngati ali ndi D3200 kapena D3100 mu shopumo, aiikepo muone ikufokasa, mupotozenso ring'i batani mutadina theka. Muunikenso m'kati ndi tochi ya foni, mukaona tinthu ngati ulusi wa kangaude ndi nkhungu imeneyo, ndipo chinyezi cha kuno chidzangoiwonjezera. Potumiza muikulunge bwino m'zovala, ikhale m'chikwama cha m'manja cha munthu amene mukumudziwa, isalowe pansi pa basi ndi katundu wina.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi anu ndinawaona Lamulungu ku Chibavi, ali bwino, akufunsa ngati mubwere pa Khirisimasi.

Ine mnzanu wa ku Katoto