Paipi ya mafuta iyambe yatsukidwa isanayezedwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa kasamalidwe ka mapaipi onyamula mafuta ndi gasi, chifukwa ambiri amayesa kuti paipi ikakwiriridwa pansi ndiye kuti ntchito yatha. Paipi imadyeka kuchokera m'kati. Madzi obwera ndi mafuta amadikha m'malo otsika, matope ndi phula zimamatirira m'mbali, ndipo kunsi kwa zinyalalazo dzimbiri limaboola chitsulo mwakachetechete.

Chotsukira chake ndi chipangizo chomwe amisiri amachitcha pig. Amamulowetsa m'kapaipi kapadera kotchedwa launcher, n'kutseka chitseko, kenako n'kutsegula mavavu kuti mafuta kapena gasi yemweyo azimukankha mpaka pa receiver, pomwe amakatulukira. Mafuta sasiya kuyenda pa nthawi yonseyi.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi phuma. Mukaika pig wolimba m'paipi yomwe yatha zaka osatsukidwa, phula limaunjikana kutsogolo kwake mpaka paipi kutsekeka, ndipo zikafika poipa muyenera kukumba ndi kudula paipiyo. Muyambe ndi wa siponji yofewa, muone zomwe wabwera nazo. Kenako wolimbirapo, kenako wamaburashi achitsulo, makamaka wokhala ndi timabowo tolola mafuta pang'ono kudutsa kuti azibalalitsa zinyalala kutsogolo. Zotuluka zikachepa, mutumize wonyamula mbale ya aluminiyamu yomwe kukula kwake ndi pafupifupi 95 peresenti ya m'kati mwa paipi. Mbaleyo ikabwera yopindika, pena pake paipi inaphwanyika kapena pali vavu yosatseguka bwino, ndipo chipangizo chokwera mtengo choyezera paipi chisalowe kaye.

Chipangizocho ndi pig woyeza. Wamaginito amadzaza chitsulo cha paipi ndi mphamvu ya maginito. Pomwe chitsulo chapyapyala, mphamvuyo imathawira kunja ndipo masensa amaigwira. Wina amayeza kukhuthala kwa chitsulo ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu otchedwa ultrasound, koma ameneyu amafuna zamadzimadzi, ndiye m'paipi ya gasi wouma sagwira ntchito mosavuta. Onsewa amafuna khoma loyera, apo ayi masensa amayandama pamwamba pa phula n'kulemba zosamveka. Liwiro nalo lisapitirire: mita 1 mpaka 3 pa sekondi ndiye labwino. M'paipi ya gasi izi zimavuta, poti gasi amapanikizika; pig akaima pokhota, pulesha imakwera kumbuyo kwake, kenako amafwamphuka n'kudumpha malo ambiri osawayeza bwino.

Zotsatira za kunyalanyaza tinaziona ku Prudhoe Bay, ku Alaska m'dziko la America, mu Malichi 2006, pomwe magaloni opitirira 200,000 a mafuta anatayika pa paipi ya kampani ya BP yomwe inadyeka ndi dzimbiri itatha zaka zambiri pig osadutsamo. Koma ngozi ya ku Marshall, ku Michigan m'dziko lomwelo, mu Julaye 2010, ndiyo yomvetsa chisoni kwambiri. Paipi ya kampani ya Enbridge inali itayezedwa mu 2005, ming'alu inaoneka, koma sanaitenge kuti ndi yoopsa ndipo sanakumbe pamalopo. Magaloni opitirira 800,000 anatayika, ena n'kukathera mumtsinje wa Kalamazoo. N'chifukwa chake ndikuti oyang'anira malamulo asamakhutire ndi kumva kuti paipi inayezedwa. Azifunsa kuti malo angati anakumbidwa, ndiponso ngati zomwe anapeza atakumba zikugwirizana ndi zomwe pig analemba.

Lomaliza ndi la ogwira ntchito pa receiver, pomwe anthu amafera. Geji yoyezera pulesha ikhoza kuloza ziro pulesha itatsekeredwa kumbuyo kwa pig, ndipo chitseko chikatseguka iye amatuluka ngati chipolopolo. Tsekani mavavu, tulutsani pulesha mbali zonse ziwiri za pig, ndipo potsegula muime chammbali. Fumbi lakuda lotuluka m'mapaipi a gasi nthawi zina limayaka lokha likakhudzana ndi mpweya, choncho lizinyowetsedwa ndi madzi mpaka litachotsedwa pamalopo.

Mmisiri wa mapaipi a mafuta ndi gasi