Alendi ena ndi akuba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu. Ndine mayi wamasiye, ndipo nyumba ya zipinda zitatu imene malemu amuna anga anandisiyira ku Area 25 ndiyo munda wanga. Lendi yake ndiyo fizi ya ana.

Mwezi wathawu alendi anga anasamuka usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri. Ngongoleyo ndikanapirira. Koma nditatsegula chitseko ndinagwira pakamwa: mababu onse palibe, masoketi anazula, mpopi wa kubafa anamasula, loko wa kuchipinda anachotsa, ngakhale waya woyanikapo zovala anapita naye. Waya, akonzi! Anthu oti m'mawa uliwonse ankandipatsa moni wa "mwadzuka bwanji mayi".

Kulakwa kwina n'kwanga. Tinangogwirizana pakamwa popanda pepala, poti anabwera ndi mnzanga wa kutchalitchi. Kupolisi atandifunsa umboni woti zinthuzo zinalimodi, ine kukamwa kunangoti yasa.

Pano ndachenjera. Wolowa aliyense tiziyendera limodzi chipinda ndi chipinda, kulemba katundu yense, kujambula pa foni, n'kusainirana pamaso pa amfumu a m'dera lathu. Ndizitenganso kopi ya chiphaso cha unzika ndi dipoziti ya mwezi umodzi, yobweza tsiku lotuluka ngati zonse zili m'malo.

Nafenso ogula masoketi ndi mipopi yakale m'misika ya mu Lilongwe muno, tizifunsako kumene yachokera. Sabata yatha ndagula mpopi wotchipa wolowa m'malo mwa wobedwa uja, koma ndikauyang'anitsitsa ukufanana kwambiri ndi wanga womwe uja.

Mayi wodandaula,
Area 25, Lilongwe