Dandaulo pa wayilesi yoyezera mphezi yomwe munanditumizira

Kwa Oyang'anira Malonda,

Bambo kapena Mayi,

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku Mzuzu. Mu Okotobala ndinaitanitsa kwa inu wayilesi ya digito yolumikiza ku kompyuta. Pafoni, ndiponso pa WhatsApp, ndinanenetsa kuti ndikufuna yogwira mafunde a wayilesi apansi, a pakati pa 3 kHz ndi 30 kHz (kHz ndi muyeso wa maulendo omwe funde limagwedezeka pa sekondi), ndipo wantchito wanu anati ilipo.

Zifukwa zake ndinamufotokozera. M'kalasi ana amangomva kuti ngakhale kunja kuli ngwee, mumpweya muli mphamvu ya magetsi yokwana mavoti (volts) pafupifupi 100 pa mita iliyonse kuchoka pansi, koma alibe poonera. Mphezi ndiyo imatithandiza. Ikang'anima imaponya mafunde amphamvu m'chigawo chapansichi, ndipo amayenda makilomita masauzande, moti mvula ikamagunda ku Nkhata Bay kapena kutsidya kwa nyanja, mwana atha kuiona pakompyuta ali m'kalasi. Anawo anadzipangira okha eriyo ndi waya wa kopa ndi paipi, n'kukaiimika kumapeto kwa bwalo la mpira, kutali ndi mawaya a magetsi.

Chomwe ndinapeza m'katoni ndi kachipangizo koyambira pa 24 MHz. Pamenepa ndi pamwamba maulendo 800 kuposa pothera chigawo chomwe ndinapempha. Kamagwira mawayilesi a FM, zomwe mafoni ambiri amachita kale. Sefa yochotsa kulira kwa magetsi a 50 Hz, yomwe ili pa lisiti ndipo ndinalipira, munalibemo.

Ndaimba kanayi. Koyamba anati akufunsa kositolo, kachiwiri anati vuto ndi kompyuta yanga, kenako foni imangoitana osayankhidwa.

Chondiwawa n'chakuti ndalamazi si zanga. Anasonkha ndi makolo a ana a kalabu ya sayansi, ena atagulitsa nthochi ndi chinangwa, ndipo akandifunsa ndimasowa chowayankha. Dzinja nalo silidikira: mabingu akatha, ana a Fomu 4 alemba mayeso n'kuchoka asanaone zomwe anavutikira.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 mutumize wayilesi yoyenera pamodzi ndi sefayo, kapena mubweze ndalama zonse kuphatikiza zotumizira. Kachipangizo kanuko kali m'katoni yake, sikanawonongeke. Mukapanda kuyankha, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi lisiti ndi mauthenga onse a pa WhatsApp.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi,
Mzuzu