Lipoti la Msonkhano wa Zithunzi Zotsatsira Zakudya

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la ojambula zithunzi, landirani lipoti la msonkhano umene munandituma. Zolankhula zotsegulira ndi gawo la makamera atsopano zinali zotsatsa malonda chabe, ndipo sinditayapo nthawi.

Chimene chinanditsimikizira kuti ndalama za ulendo sizinalowe m'madzi ndi gawo limene katswiri wokongoletsa zakudya anakonza burger ife tikuona. Nyama anangoiwaula kunja kuti isakhwinyate, kenako anaikankhira kutsogolo pamodzi ndi tomato ndi anyezi, kumbuyo kwa buledi n'kusiyako kopanda kanthu. Zonsezi anazigwiriziza ndi timitengo totokosera m'mano, tchizi anachisungunula m'mphepete mokha ndi mpeni wotentha, ndipo sosi anaidontheza ndi jakisoni pokhapo pamene kamera ikuona. Kupatula timitengoto, sanaikemo chilichonse chimene sichipezeka mu burger yogulitsa, komabe chimene chinatuluka pa kompyuta chinali chonenepa kuposa chimene munthu amalandira chokulungidwa m'pepala, chitaphwatalala ndi nthunzi. Njira zambiri mwa izi kampani ya McDonald's ya ku Canada inaziulula yokha mu kanema wa mu 2012.

Wophunzitsa anati wogula akaona mtengo wotsika amauyerekeza ndi chithunzicho, osati ndi chakudya chimene apatsidwe, motero amalipira ali wotsimikiza kuti watola chikwama. Mchere, mafuta ndi shuga sizioneka pa chithunzi, pamene masamba obiriwira amene sakwana n'komwe kudzanja ndiwo amawalitsidwa kwambiri. Mu 2022 ogula ena ku Florida, ku America, anasumira kampani ya Burger King ponena kuti burger yake yotchedwa Whopper ya pa zithunzi ndi yaikulu kuposa yeniyeni ndi pafupifupi 35 peresenti, ndipo kampaniyo inakana mlanduwo. Ku Chile lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 linaletsa zidole ndi zithunzi za makatuni pa zakudya za mchere, mafuta kapena shuga wambiri, pamene ku London zotsatsa zake zinachotsedwa m'mabasi ndi m'sitima zapansi mu 2019.

Msonkhano unagwirizana kuti pansi pa chithunzi chilichonse pazilembedwa kuti n'chitsanzo chabe. Ine sindinakweze dzanja, chifukwa timawu ting'onoting'ono totere timateteza wogulitsa ku khoti, koma mwana amene sanadziwe kuwerenga amangoona nyama yonona ija. Ndikanakonda tikanamangana kuti tizijambula mlingo weniweni umene wogula amalandira, luso lathu lizithera pa kuwala ndi pa mbale. Ndikudziwa kuti ena mudzati mwini malonda adzangopita kwa wojambula wina, ndipo n'zoona, pakuti ngakhale mitengo imene tinagwirizana chaka chatha ena mwa ife anayamba kuitsitsa mwakabisira mwezi usanathe, komiti ili chete. Nyale zojambulira zimene tinasonkhera ndalama sizinaonekebe mpaka lero, ndipo popanda nyalezo sindikuona mmene ndingaphunzitsire anzanga zimene ndabwera nazo.

Ndikupempha kuti nkhani ya mlingo ndi ya nyale zikhale zoyambirira pa msonkhano wathu wotsatira. Malisiti onse a ulendo ndawapereka kale kwa a Msungichuma.