Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa za malo ndi nyumba ku Tete

Kwa a komiti, amfumu, amayi ndi abambo a m'bairo mwathu kuno ku Ulongwe. Munatituma, tabwerako, ndipo zomwe tatenga ndi izi.

Zokambirana zinayambira pa mbiri yakale, nthawi ya Apwitikizi, pomwe mzinda unali pawiri: kwa simenti, kokhala azungu, ndi kwa bango, kokhala ife akuda. Lamulo lotisankha ngati "indígena" linatha mu 1961, ndipo mu 1976 boma linatenga nyumba zalendi, koma mapaipi ndi tala zinatsala komwe atsamunda anaziika. Lero wofuna talyawu pafupi ndi madzi safunsidwa khungu. Amafunsidwa ndalama ndi pepala, choncho wosauka amakamanga m'mbali mwa mtsinje wa Revubue, kumene madzi osefukira amayambira, monga zinachitikira ku bairo ya Chingodzi mumzinda wa Tete mu 2019.

Tinakhalitsa pa nkhani ya Moatize. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya migodi ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha. Kalembera anawagawa pawiri. Olembedwa kuti ndi a m'tauni anapita ku bairo ya 25 de Setembro, olembedwa kuti ndi alimi anatumizidwa ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku msika wa ku Moatize. Koma ambiri mwa "alimiwo" ankadyera njerwa, makala ndi maganyu a m'tauni. Kumeneko nthaka ina inali yamiyala, nyumba zinang'aluka, mpaka mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji. Ife tikuona kuti vuto lalikulu linabadwa tsiku la kalembera, chifukwa wolemba analemba khasu n'kuiwala uvuni wa njerwa.

Chaka chomwecho cha 2012 kunatuluka Decreto 31/2012, lamulo la boma la kasamutsidwe ka anthu pofuna malo a ntchito ngati migodi. Imalamula misonkhano ya anthu yosachepera inayi, nyumba yosachepera mamita 70 sikweya, ndi talyawu ya mamita 800 sikweya m'tauni kapena 5,000 kumudzi.

Za ife tomwe: lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Mmozambiki amene wakhala pamalo zaka 10 mopanda chinyengo ali ndi DUAT, kutanthauza ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo, ngakhale alibe chikalata, ndipo umboni wa pakamwa wa anansi, amayi ndi abambo omwe, umalandiridwa. Ambiri amaluza chifukwa amadalira kapepala kogulira talyawu, komwe pa lamulo sikapereka ufulu wa nthakayo.

Tikupempha kuti mwezi uno komiti iyende khomo ndi khomo, ilembe chaka chomwe banja linafika, mboni ziwiri, mitengo, chitsime, manda, ndi njira iliyonse yopezera ndalama, ngakhale yaing'ono. Amayi amasiye alembedwe m'dzina lawo, asalembedwe m'dzina la alamu. Buku limodzi likhale kwa asekeretale a bairo, lina kwa amfumu, kenako tipite limodzi ku munisipiyo kukapempha zikalata.