Mamendulo a agogo ako asagulitsidwe

Mwana wanga,

Ndamva kwa mlongo wako zoti kuli munthu wina ku Lilongweko akufuna kugula mamendulo a agogo ako aja, ndiye iwe ukuti tingogulitsa upeze ya lendi. Zimenezo iwala. Lendi ikukuvuta ndikudziwa, ndalama za fodya zikatuluka ndikuponyera kangachepe pa foni, koma mamendulowo akhale m'chitini momwemo.

Iwe unawapeza atakalamba kale, ungowaona ali pakhonde ndi chijekete chawo chija. Bambo angawo analowa Keyala, King's African Rifles, akadali kamnyamata, nthawi ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Kuchoka kuno ku Kasungu anakawaphunzitsa ku Zomba, kenako sitima yapamadzi mpaka ku Ceylon, komwe pano amati Sri Lanka, ndiye mu 1944 n'kukawatula ku Burma kukamenyana ndi Majapani m'nkhalango, mvula yosakata, malungo, misundu yodzaza m'miyendo moti ankaiwotcha ndi ndudu kuti igwe. Anzawo ena anakamenya Mataliyana ku Abyssinia, komwe pano amati Ethiopia, ena anakamenya Afalansa ku Madagascar. Pobwerera kandalama komwe anawapatsa kanali kochepa zedi kusiyana ndi ka azungu omwe ankagona nawo m'dzenje limodzi, iwo anagula njinga ndi makina osokera basi, n'makina omwewo anatiphunzitsira sukulu tonse.

Kunoko analipo angapo ndithu obwera ku nkhondo. Wina anatsegula kantini, wina anakhala kapitawo ku esiteti, wina kachasu anamumaliza, anthu n'kumangoti ndi chidakwa osadziwa kuti munthuyo usiku sankagona. Agogo akonso mphezi ikagunda ankadzigwetsa pansi chafufumimba, ife ana n'kumaseka, amayi n'kutiponyera chikuni. Koma pa mganda ndiye umawadziwa, paja gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali, anyamata akaphonya sitepe madalawa ankadzuka ndi ndodo zawo kukawongola mzere, osaseka ngakhale pang'ono.

Novembala aliyense anthu amavala kaduwa kofiira kaja, akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pa chipilala ku Zomba ndi ku Area 18, zabwino ndithu, koma Disembala akafika ndani amafunsa ngati madalawo ali ndi bulangete?

Pano watsala mmodzi yekha, mdala wa kutsidya kwa dambo uja, zaka zikuyandikira 100. Maso anasiya kuona koma mutu ulibwinobwino, nambala yake ya usilikali amaitchula osakakamira, ndipo anali gulu limodzi ndi agogo ako. Ndiye m'malo mosakasaka wogula, bwera ndi foni yakoyo udzamujambule mawu. Utenge shuga, sopo ndi fodya wamphuno, osapita chimanjamanja. Ukakhale pansi, chipewa uvule, ndipo chonde usakafunse zoti munapha angati, funso limenelo amadana nalo, atha kungotembenukira kukhoma n'kukhala chete mpaka uchoke. Kafunse zomwe ankadya, nyimbo zomwe ankaimba poguba, za m'sitima muja, zinazo azikamba yekha akafuna. Mamendulo utenge akawagwiregwire, iyeyo ndi amene angakuuze kuti iyi ndi ya chani, ine zina ndinaiwala.

Ubwere mvula isanayambe, dambo lija likadzaza suwoloka. Undiuze tsiku ndikuuzire wa kabaza akakudikire pa depoti. Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine bambo ako.