Galimoto Sidziyendetsa Yokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kalata imene munasindikiza sabata latha, mmene mnzathu wina wowerenga ananena kuti Sebastian Vettel, amene anapuma pa mipikisano ya magalimoto ya Formula One atathamanga komaliza ku Abu Dhabi pa 20 Novembala 2022, sayenera kutchedwa ngwazi, ati chifukwa zikho zake zinayi inamupatsa ndi galimoto. Ine ndine makanika, ndagwira sipanala zaka zoposa 20 muno mu Lusaka, ndipo mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pagalaja pathu, makamaka Lolemba mpikisano ukachitika dzulo lake. Nthawi zonse amandiwawa, chifukwa amanenedwa ngati kuti kuyendetsa galimoto yabwino ndi ntchito imene aliyense wokhala ndi laisensi angaithe.

Sindikana kuti magalimoto a Red Bull, timu ya Vettel, amene injiniya Adrian Newey anakonza kuyambira 2010 mpaka 2013 anali apamwamba. Koma alembi a kalatayo anaiwala kuti timu iliyonse imatulutsa magalimoto awiri ofanana, ndipo yachiwiriyo inali m'manja mwa Mark Webber wa ku Australia, dalaivala wokhwima amene anafika pa mpikisano womaliza wa 2010 ali patsogolo pa Vettel pa mapointi. M'zaka zinayi zimenezo Vettel anapambana mipikisano 34, pamene Webber anapambana 7. Mu 2013 mokha Vettel anatenga mipikisano 13 mwa 19, isanu ndi inayi yomaliza motsatizana, Webber osapambanako ngakhale umodzi. Galimoto ikanakhala kuti imapambana yokha, bwanji inkasankha kupambanira munthu mmodzi?

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka galimotoyo, ndipo apa ndikupempha owerenga apirire pang'ono, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Galimoto ya Formula One imakhota mwaliwiro chifukwa mphepo imaikanikizira pansi kuti matayala agwire phula. Newey ndi anzake analozetsa paipi ya utsi kumunsi kwa galimoto chakumbuyo, kotero kuti utsi wotuluka mu injini unkathandiza kukoka matayala akumbuyo kuti amamatire pamsewu. Tanthauzo lake linali lakuti dalaivala akaponda moto kwambiri, utsi umachuluka, galimoto n'kugwira msewu bwino. Choncho pakati pa kona, kumbuyo kwa galimoto kukayamba kutsetsereka, pamene thupi lonse la munthu likumuuza kuti achotse phazi, iye ankayenera kuponda moto ndi kukhulupirira kuti galimotoyo iwongoka. Vettel anaphunzira kayendetsedwe kameneka mpaka kanamulowa m'magazi, ndipo Webber, ngakhale anali wolimba mtima, sanakadziwe kufika pamenepo.

Ife amene timakonza maminibasi oyenda mumsewu wa Great East timaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. Basi imodzi yomweyo, mwini wake akaipereka kwa dalaivala uyu imatha miyezi osabwera kugalaja, akaipereka kwa uja imabwera sabata yachiwiri klachi itapsa, mabuleki akulira. Kwathu kummawa timalemekeza wosema ng'oma, koma pabwalo pakafunika woyimba mbalule sititola munthu wamba n'kunena kuti poti ng'omayo ndi yabwino idzalira yokha.

Amene akufuna umboni wa Vettel ali m'galimoto yosaopsa akumbukire ku Monza ku Italy mu 2008. Anali ndi zaka 21, akuthamangira Toro Rosso, timu yaing'ono ya ku Italy imene kale inkatchedwa Minardi ndipo inkadziwika ndi kutsalira kumbuyo. Mvula inagwa, iye anayambira patsogolo pa onse, napambana osagwedezeka, pamene timu yaikulu ya Red Bull inali isanapambanepo mpikisano uliwonse. Akumbukirenso ku Brazil mu 2012, pamene anagundana ndi Bruno Senna atangonyamuka, galimoto yake n'kutembenuka kuyang'ana kumene akuchokera, itaphwanyika chammbali, anzake onse n'kumudutsa. Anabwerera kuchoka kumapeto, pamsewu woterera, namaliza wachisanu ndi chimodzi, ndipo chikho cha chaka chimenecho anachitenga posiyana ndi Fernando Alonso mapointi atatu okha. Tsiku limenelo ndinaonera ndili chiimire mpaka kumapeto, ndipo sindinaonepo galimoto imene ingadzitulutse yokha m'dzenje lotere.

Komabe sindikufuna kumupaka mafuta pamene pali chilonda. Malamulo atasintha mu 2014, injini za V8 zitachotsedwa n'kubwera za V6 zothandizidwa ndi magetsi, nzeru ya utsi ija inatha, ndipo Daniel Ricciardo, wachilendo m'timuyo, anapambana katatu Vettel osapambanako. Ku Ferrari, kumene anapita mu 2015 kutsata mapazi a Michael Schumacher amene ankamusirira kuyambira ali mwana, anapambana mipikisano 14 m'zaka zisanu ndi chimodzi, koma chikho sanachigwire. Chaka cha 2018 ndicho chimandipweteka kwambiri. Ku Hockenheim ku Germany, pafupi ndi kwawo ku Heppenheim, akutsogola pamaso pa anthu a mtundu wake, kamvula kanawaza ndipo anatsetsereka yekha n'kukagunda mpanda, Lewis Hamilton amene anayambira pa nambala 14 n'kupambana. Kuchokera pamenepo zolakwa zinamuchulukira, ndipo mu 2019 Charles Leclerc, mnyamata watsopano m'timu, anamuposa pa mapointi. Ndimakumbukiranso za ku Malaysia mu 2013, pamene timu inamulamula kuti akhale kumbuyo kwa Webber koma iye anamupitirira. Chimenecho chinali chipongwe kwa mnzake wa ntchito, ndipo ndinachidzudzula tsiku lomwelo monga ndikuchidzudzula lero.

N'chifukwa chake ine sindimuika pampando umodzi ndi Schumacher ndi Hamilton, amene ali ndi zikho zisanu ndi ziwiri aliyense, kapena Juan Manuel Fangio amene anatenga zikho zisanu ndi matimu anayi osiyana. Luso la Vettel linali lakuya koma lopapatiza. Akapeza galimoto yogwira bwino kumbuyo, akayambira patsogolo, ankathawa anzake m'mizungulo iwiri yoyamba ndipo palibe amene ankamuonanso. Galimoto ikakhala yosakhazikika kumbuyo, ankavutika kuposa mmene Alonso kapena Hamilton akanavutikira. Zoona zake n'zimenezo, koma munthu amene wapambana mipikisano 53, amene pa tsiku lopuma anali wachitatu m'mbiri yonse ya masewerawa, amenenso anatenga chikho chake choyamba ali ndi zaka 23, wamng'ono kuposa wina aliyense, sangachotsedwe m'gulu la ngwazi chifukwa chakuti ena atatu kapena anayi anamuposa.

Ife a ku Zambia ndiye sitiyenera n'komwe kulankhula motero, pakuti tili ndi ngwazi zathu za mpikisano wa magalimoto a m'fumbi. A Satwant Singh anatenga chikho cha Africa yonse kasanu ndi katatu, a Muna Singh kawiri, ndipo mu 2022 a Leroy Gomes anachibweretsanso kwathu. Amene tinaimapo m'mbali mwa msewu wa dothi pa Zambia International Rally, fumbi likutiphimba kumaso, tinaona ndi maso athu magalimoto a mtundu umodzi akulowa pakona imodzi, ina n'kutuluka ikuuluka, ina n'kuthera m'tchire. Sindinamvepo munthu akunena kuti zikho za a Satwant zinali za galimoto.

Chimene chidzatsala m'mtima mwanga pa Vettel ndi ulemu wake kwa anthu ogwira ntchito ndi manja. Iye ndi mwana wa kalipentala, ndipo izi zinkaoneka. Mu 2021 ku Silverstone ku England, mpikisano utatha, anatsalira n'kumatola zinyalala m'malo okhala oonerera pamodzi ndi ogwira ntchito yoyeretsa. Polengeza za kupuma kwake mu Julaye 2022 anatchula banja lake ndi ana ake, kuti akufuna kuwaona akukula, ndipo anachoka ali ndi zaka 35, mphamvu zikadalipo.

Alembi a kalata ija akuganiza kuti akanena kuti galimoto inali yabwino ndiye kuti avula Vettel chovala, koma Vettel mwini wakeyo sanabisepo zimenezi. Ku India mu Okutobala 2013, atangotsimikiza chikho chake chachinayi, anaimitsa galimoto patsogolo pa khamu la anthu, anatsika, nagwadira galimotoyo. Anzanga ena anaseka, koma ine monga makanika ndinamva kuti akugwadira anthu mazanamazana a kufakitale ya Red Bull ku Milton Keynes amene anasula chitsulo chilichonse, ndi anyamata amene ankagona mochedwa akumanga mabawuti m'galaja. Ndikupempha alembiwo kuti akaonenso chithunzi chimenecho, kenaka akaone pamene galimoto ya Webber inali tsiku lomwelo, itaima m'mbali mwa msewu, ndipo akatero atilemberenso.

Ine wanu wowerenga,
Makanika wa ku Chilenje, Lusaka